Mafunso ndi mayankho: Mmene ming'alu ndi mapindidwe a matanthwe zimasankhira malo a zinki ndi mtovu

Chiyambireni nkhani za rutile wa ku Kasiya, niobium wa ku Kanyika ndi golide amene anthu akusefa m'mitsinje, mwala uliwonse wonyezimira wasanduka nkhani kuno ku Kasungu ndi ku Mchinji. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amamveka kawirikawiri kwa alimi, ana a sukulu za sekondale ndi anzathu okumba miyala, makamaka amene anamvapo za mgodi wa zinki ndi mtovu wa ku Kabwe n'kumadzifunsa ngati zimene zinapezeka kwa anansi athu a ku Zambia sizingapezekenso kuno.

Zinki ndi mtovu timazigwiritsa ntchito yanji?

Zili nafe pakhomo pomwe. Lata la padenga ndi chitsulo chokutidwa ndi zinki wopyapyala, ndipo zinkiyo akatha m'pamene dzimbiri limayamba kudya denga. Pafupifupi theka la zinki yense wokumbidwa padziko lapansi amathera ku ntchito imeneyi. Pa thumba la feteleza wokulitsa pamalembedwa kuti 23:10:5+6S+1.0Zn, ndipo ka Zn kakumapetoko ndi zinki. Timapiritsi timene a chipatala amapereka limodzi ndi Thanzi ORS mwana akatsegula m'mimba nato ndi ta zinki. Mtovu ndi umene umalemeretsa batire ya galimoto ndi ya sola, ndipo mtovu wochuluka wa masiku ano umathera m'mabatire momwemo.

Pansi pa nthaka zimaoneka bwanji? Nanga bwanji zimatchulidwa pamodzi nthawi zonse?

Simungakumbe n'kupeza chitsulo choyengeka kale. Zonse ziwiri zimapezeka zitagwirana ndi salufa. Mtovu ndi salufa zimapanga mwala wotchedwa galena, wotuwa, wonyezimira, wolemera modabwitsa. Zinki ndi salufa zimapanga sphalerite, mwala wosachititsa kaso, wofiirira, nthawi zina wachikasu kapena wakuda. Zimakhalira limodzi chifukwa zimasungunuka m'madzi amtundu umodzi, zimayenda njira imodzi, ndipo chimene chimagwetsa china chimagwetsanso chinzake. Siliva amakonda kubisala mu galena, n'chifukwa chake migodi yambiri ya mtovu imagulitsanso siliva.

Chimazisonkhanitsa pamalo amodzi n'chiyani?

Madzi. Mwala wamba uliwonse, ngakhale umene munamangira maziko a nyumba, uli ndi zinki pang'ono, pafupifupi magalamu 70 pa tani imodzi, ndipo mtovu ndi wochepera apo, magalamu osafika 20. Koma mgodi kuti upindule nthawi zambiri umafuna makilogalamu 50 kapena 100 pa tani. Ndiye kuti zitsulo za m'dera lalikulu zedi ziyenera kutoleredwa n'kutulidwa pa kamalo kochepa.

Amene anaonapo agogo akucheza chidulo samvetsa movutikira. Madzi amathiridwa pa phulusa, amadutsamo pang'onopang'ono, pansi n'kumadontha atasenza zimene zinali m'phulusamo. Pansi pa dziko pamachitikanso chomwecho, kungoti madzi ake ndi amchere kuposa a m'nyanja zikuluzikulu kangapo konse, ndiponso ndi otentha, poti mukatsika kilomita imodzi kutentha kumakwera ndi madigiri 25 mpaka 30. Madzi otere, a madigiri 100 kapena 200, akamadutsa m'miyala yamchenga ndi yamatope kwa zaka zikwizikwi amakokolola zinki ndi mtovu, ndipo mchere ndi umene umazigwira kuti zisagwere panjira. Zimadzagwa madziwo akazizira mwadzidzidzi, akasakanikirana ndi madzi ena okhala ndi salufa, kapena akalowa m'mwala wa laimu umene umawachotsa ukali.

Choncho pamafunika kochokera zitsulo, madzi ozinyamula, njira, ndi potula. Kaumbidwe ka matanthwe kamalamulira ziwiri zomalizazo, njira ndi potula, ndipo nkhani yonse ya tsamba lino yagona pamenepo.

Thanthwe ndi louma gwaa. Madzi angadutse pati?

Funsani anthu oboola mijigo. Kaya ndi ku Santhe kaya ku Mkanda, akapyola dothi ndi mwala wofumbutuka n'kufika pa thanthwe lenileni, makina amangolavula fumbi louma kwa mamita ambiri. Kenaka mwadzidzidzi fumbi lija limasanduka phala, madzi n'kutumphuka. Apo ndiye kuti nsonga ya makina yalasa mng'alu. Mjigo wina wobooledwa mamita 50 okha kuchoka pamenepo ukhoza kukhala wouma chifukwa unauphonya. Madzi onyamula zitsulo nawo alibe njira ina koma yomweyo.

Ming'alu ina ndi yongosweka basi. Ina ndi ija mbali zake ziwiri zinakhulana, ina kutsika, ina kukwera, kapena kulowera cham'mbali, ndipo imeneyi akatswiri a miyala amaitcha fault. Mukamatsika Khwekhwerere kulowera ku Golomoti, chitunda chimene galimoto imalimbana nachocho chinabadwa chifukwa cha ma fault a chigwa cha Nyanja ya Malawi: mbali ya kunyanja inatitimira, ya ku Dedza n'kutsala pamwamba.

Fault yaikulu si kamzere kamodzi ayi. Pakati pake pamakhala mwala woperedwa mpaka kusanduka dongo, ndipo dongolo limatchinga madzi. M'mbali mwake ndi mmene muli mwala wophwanyikaphwanyika, nthawi zina mamita makumi kapena mazana mulifupi, ndipo madzi amayenda m'menemo. Ma fault ena amatsika makilomita 10 kapena kuposa. Amalumikiza kunsi kotentha, kumene madzi asenzera zitsulo, ndi kumtunda kozizira, kumene angazitule. Ku McArthur River ku Australia, umodzi wa migodi ikuluikulu ya zinki padziko lapansi, miyala ya zinki inayalana m'matope a pansi pa nyanja yakalekale, moyandikana ndi fault yotchedwa Emu. Fault imeneyo inagwira ntchito ziwiri: inatitimiritsa dziko kupanga chidikha chosonkhanamo matope, ndipo inakweza madzi a zitsulo kuti akalowe m'matopemo.

Ngati fault ikhoza kutalika makilomita 100, bwanji mgodi umangokhala pa kachigawo kake kakang'ono?

Funso ili ndi limene makampani amalipirira akatswiri ndalama zankhaninkhani. Fault siwongoka. Pena imakhota, pena imaduka n'kukayambira chapambali, pena imapingasana ndi inzake. Mbali ziwiri zikamasuntha, pokhota pena pamapanikizika n'kutsekeka, pena pamayasama.

Yesani nokha. Tengani pepala, jambulani mzere wowongoka koma wokhala ndi kabondo pakati, mudule motsata mzerewo, kenaka muike zidutswa ziwirizo patebulo n'kukankha chimodzi motsatira mzere. Mukakankhira mbali iyi, pa kabondo paja pamatseguka kazenera. Mukakankhira mbali inayo, mapepala amakwerana. Pansi pa dziko kazenera kameneko ndi malo amene kupanikizika kwachepa, ndipo madzi a m'dera lonse amathamangira pomwepo. Pamene mapepala akwerana sipadutsa kanthu.

Pamene ming'alu iwiri yapingasana mwala umasweka kuposa pena paliponse, ndipo malo oswekawo amatsika choimirira. Miyala ya zitsulo yodzaza malo otere imakhala yaing'ono mukaiyang'ana pamwamba koma yakuya modabwitsa. Ku Tsumeb ku Namibia anatsata mzati wotere wa mtovu, kopa ndi zinki mpaka mamita pafupifupi 1,600 pansi mgodi usanatsekedwe mu 1996.

Dziko la Ireland ndi limene linaphunzitsa anthu zambiri pa nkhaniyi. Ku migodi ya Lisheen, Galmoy ndi Silvermines, mwala wa zinki unali wochindikala kwambiri pafupi ndi fault, ku mbali imene inatitimira, makamaka pamene fault inasuntha kwambiri ndi pamene zidutswa zake ziwiri zinapambanitsana. Kutali ndi fault mwalawo unkapyapyala mpaka kutha. Ngakhale zitsulo zake zinasanjika mwadongosolo: mtovu unachuluka pafupi ndi mng'alu pomwe, zinki n'kufalikira patali. Woboola akaona kuti mtovu ukuchulukirachulukira poyerekeza ndi zinki, amadziwa kuti akuyandikira gwero.

Kodi zivomezi zikukhudzidwa ndi nkhaniyi?

Kwambiri. Chivomezi cha ku Salima mu 1989 ndi zija za ku Karonga mu December 2009 kunali kusuntha kwa ma fault. Mng'alu ukamadutsa madzi otentha umadzitseka wokha, chifukwa nsangalabwi ndi miyala ina zimamera m'makoma mwake. Madzi amaunjikana kunsi, mphamvu yake n'kumakwera. Tsiku lina fault imasuntha, chotsekera chija chimasweka, madzi amakwera mwaliwiro, amazizira, amatula katundu, mng'alu n'kutsekekanso. Zikachitika kambirimbiri, mzere wa miyala yodzaza mng'aluwo, umene timautcha mtsempha, umanenepa. Mukadula mtsempha wotere mumaona mizere yosanjikizana kuchokera kukhoma kulowera pakati, kapena zibenthu zamakonamakona za thanthwe zomatidwa ndi galena. Zibenthuzo ndi umboni woti panagwedezeka.

Nanga miyala yopindika?

Miyala yoyalana ikafinyidwa kuchokera m'mbali, ili pansi potentha, siisweka koma imapindika. Pamsana pa chopindikacho zigawo zimalekana pang'ono, ndipo mwala wolimba umang'ambika cha kunja kwake. Madzi amakonda malo amenewo, makamaka ngati pamwamba pake pali chigawo cha mwala wamatope chosalola madzi kudutsa.

Palinso china. Galena ndi wofewa, ndipo akatenthedwa n'kupanikizidwa amayenda, kuthawa m'mbali mwa chopindika kumene kukufinyika n'kukaunjikana pa bondo pake. Chigawo chimene poyamba chinali chopyapyala, chosayenera kukumbidwa, chikhoza kunenepa pa bondo mpaka kukhala mgodi. Wofufuza wanzeru akapeza kachigawo kopyapyala sathamangira kukumba. Amayamba wayeza kumene bondo la chopindikacho laloza ndi mmene lapendekera, chifukwa chuma chimatsata mzere umenewo.

Ku Kabwe kunachitika zotani?

Mu 1902 T.G. Davey anapeza timapiri tokhala ndi mtovu ndi zinki, natcha malowo Broken Hill potengera mgodi wotchuka wa ku Australia. Mgodiwo unagwira ntchito mpaka 1994, ndipo unatulutsa matani pafupifupi 1.8 miliyoni a zinki ndi matani 800,000 a mtovu. M'menemo ndi mmenenso mu 1921 munapezeka chigaza cha munthu wakalekale chimene chikusungidwa ku London.

Thanthwe la ku Kabwe ndi dolomite, mbale wake wa mwala wa laimu. Zitsulo sizinamwazike m'thanthwe lonse. Zinali m'mizati ingapo yotsika chopendekera, motsata ming'alu imene inadula thanthwelo. Madzi amchere otentha anakwera m'ming'alumo, anasungunula dolomite, natula sphalerite ndi galena m'malo mwake. Chodabwitsa n'chakuti sphalerite akamagwa amatulutsa asidi, asidiyo amadya mwala wina, malo n'kutseguka oti mugwe sphalerite winanso. Kamng'alu kakang'ono kamakula motero kukhala mzati wa mamita ambiri mulifupi.

Mgodi wa Kipushi ku DR Congo, umene uli pamalire penipeni ndi Zambia, ndi wa banja lomwelo. Uli pa fault imene inadula miyala ya dolomite m'mbali mwa chopindika chachikulu. Chigawo chake chotchedwa Big Zinc chili ndi zinki pafupifupi 35 pa 100 iliyonse, ndipo mgodiwu unatsegulidwanso mu 2024 utagona zaka pafupifupi 30.

Ku Chamama kuli mwala wa laimu umene a Shayona amapangira simenti. Ndiye kuti kulinso zinki?

Laimu ndi potula chabe, si kochokera. Padziko lapansi mwala wa laimu uli mbwee, ndipo wochuluka ulibe zinki woti n'kukumba. Popanda madzi a zitsulo ndi mng'alu wowabweretsa pa nthawi yoyenera, laimu amangokhala laimu. Komanso wa ku Kasungu ndi wosiyana ndi wa ku Kabwe: ndi zigamba zopanikizika pakati pa matanthwe ena, zimene zinaphikidwa kwambiri ndi kutentha kwa pansi mpaka kusanduka mwala wotchedwa marble. Katswiri akafika kumeneko amayang'anitsitsa ndithu pamene fault yadula marble, poti ngati pali kanthu ndi pomwepo. Koma kuona fakitale ya simenti n'kuyamba kuwerengera ndalama za zinki n'kudzinamiza.

Tsono miyala ya Kasungu ndi Mchinji ndi yamtundu wanji?

Pansi pa katondo ndi mchenga wa m'minda yathu ya fodya ndi mtedza pali matanthwe akale kwambiri, ambiri a zaka zoposa 1,000 miliyoni, amene anadzaphikidwanso ndi kupindidwa zaka 500 mpaka 600 miliyoni zapitazo pamene zigawo za dziko zinkagundana. Ochuluka ndi gneiss, mwala uja wa mizeremizere yoyera ndi yakuda, ndi granite ndi abale ake. Zimene tikupondazi poyamba zinali makilomita ambiri pansi, ndipo zapamwamba zonse zinakokoloka. M'Malawi muno mulibe mgodi waukulu wa zinki kapena mtovu.

Izi sizitanthauza kuti miyala yotere siingasunge zitsulozi. Broken Hill wa ku Australia, amene Charles Rasp anamupeza mu 1883, ali mu gneiss wophikidwa kwambiri, ndipo mwala wake wa zitsulo unapindika motalika makilomita pafupifupi 8, pakati potulukira pamwamba, nsonga ziwiri zitalowa pansi. Rampura Agucha wa ku India ndi Gamsberg wa ku South Africa nawonso ali m'miyala yophikidwa. Konseku zitsulo zinayamba zayalana pansi pa nyanja yakale, kuphikidwa ndi kupindidwa n'kubwera pambuyo. Maganizo anga ndi akuti wofuna zinki kuno asamayang'ane ku Kabwe koma ku migodi imeneyi, chifukwa ndi imene matanthwe ake akufanana ndi athu.

Miyala yotere imasiya zizindikiro zake. Pamakhala zigawo zodzaza ndi timiyala tofiira totchedwa garnet, zigawo za chitsulo, ndi kamwala kobiriwira moderako kotchedwa gahnite kamene kali ndi zinki m'kati mwake. Gahnite siwola ndi mvula. Amatsalira mumchenga wa m'mitsinje, ndipo wosefa mchenga wa mu Bua, Rusa kapena Dwangwa amene akudziwa chimene akufuna akhoza kumutsata chokwera mtsinje mpaka pamene akuchokera. Ku Malingunde ku Lilongwe ndi ku Chisepo ku Dowa kuli zigawo za chitsulo chogwirana ndi salufa mu gneiss wokhala ndi graphite, mwala wakuda uja wa m'pensulo. Si zinki, koma zikusonyeza kuti salufa analipo m'matope amene anabala matanthwe a chigawo chino.

Ndinamva kuti pali fault yaikulu yochokera ku Zambia imene imafika ku Kasungu. Zoona?

Ilipo. Ndi lamba wa miyala yokhulana wotchedwa Mwembeshi, amene amadutsa pakati pa Zambia kulowera kum'mawa chakumpoto, ndipo akatswiri ambiri amaulumikiza ndi ma fault a ku Chimaliro, kumpoto kwa Kasungu. Koma musamve ngati paipi yochokera ku Kabwe. Lamba wotere ndi wautali makilomita mazanamazana, ndipo mbali yake yaikulu ilibe mgodi uliwonse. Kawirikawiri zitsulo sizikhala pa fault yaikulu yeniyeniyo, poti pamenepo mwala unaperedwa n'kutsekeka. Zimakhala pa timing'alu tanthambi totuluka m'mbali mwake.

Akasupe otentha a ku Mawira ku Nkhotakota ndi ku Chiweta akupanga mgodi panopa?

Akusonyeza bwino mmene fault imakwezera madzi otentha, koma madzi ake ndi amvula amene analowa pansi n'kutenthedwa, ndipo mchere wake ndi wochepa kwambiri moti sanganyamule zinki wochuluka. Kumene ntchitoyi ikuonekera ndi maso lero ndi pansi pa nyanja zamchere. Mu 1979 ofufuza anaona koyamba, pansi pa nyanja ya Pacific, timichumuni tolavula madzi akuda a madigiri pafupifupi 350, tomangidwa ndi miyala ya kopa, zinki ndi chitsulo, titandandalika motsata ming'alu.

Ndege za Kauniuni sizinaone kale zonsezi?

Ndege zija zinauluka mu 2013 ndi 2014, zotsatira zake n'kutuluka mu 2015. Sizinkajambula miyala ya pansi monga ambiri amaganizira. Zinkayeza mphamvu ya maginito ya matanthwe, kulemera kwake, ndi cheza chochokera ku uranium, thorium ndi potassium. Sphalerite sakokedwa ndi maginito, sadutsa bwino magetsi, ndipo satulutsa cheza. Ndege ikhoza kudutsa pamwamba pake osamva kanthu.

Phindu la Kauniuni lili poti anaonetsa mafupa a dziko. Pa chidikha ngati chathu, pamene mungayende makilomita ambiri osaona thanthwe, mapu a maginito amaonetsa pamene mizere ya miyala yapindika, pamene yaduka n'kusunthira pambali, pamene ma fault apingasana. Anaonetsanso mzere wautali pansi pa Mchinji umene umatchedwa Mchinji dyke ndi malo a miyala yolemera pansi pa Kasungu. Miyala yakuda yolemera yochokera pansi kwambiri imayendera limodzi ndi nickel ndi chrome, monga zilili pa phiri la Chimimbe ku Mchinji, osati zinki ndi mtovu.

Mapu akaloza malo, ntchito yeniyeni imayamba: kutapa dothi ndi mchenga wa m'timitsinje, kuyeza ndi magetsi pansi, kukumba ngalande, kenaka kuboola n'kutulutsa mwala wobulungira wautali umene amaudula pakati n'kutumiza theka ku labotale. Ndipo ngakhale zitapezeka, kudekha kumafunika. McArthur River anapezeka mu 1955 koma mgodi unatsegulidwa mu 1995, chifukwa timbewu ta zinki ndi mtovu tinali tating'ono kwambiri kotero kuti makina a nthawi imeneyo ankalephera kutilekanitsa.

Za anthu oyenda ndi timawaya kapena ndodo m'manja n'kumati akumva chuma, komanso za zipilala za simenti za pamwamba pa mapiri zimene ena amagumula poganiza kuti azungu anabisapo kanthu, ndingoti sungani ndalama zanu. Zipilala zija anaika ndi oyeza malo pojambula mapu.

M'munda mwanga muli mwala wofiira wa mabowomabowo. Ndi chizindikiro?

Kawirikawiri ameneyo ndi lubwe, amene amapangika paliponse pamene chitsulo cha m'dothi chaunjikana chifukwa cha kukwera ndi kutsika kwa madzi, makamaka m'mphepete mwa madambo. Amayala chogona, ndipo alibe nazo ntchito za zimene zili pansi pake.

Pali mwala wina wofanana naye umene uli chizindikiro chenicheni. Miyala ya salufa ikawola ndi mvula imasiya chipewa cha dzimbiri chotchedwa gossan. Kusiyana kwake n'kwakuti gossan amatsata mzere wa thanthwe kapena wa mng'alu, ndipo timabowo take timakhala ndi makona, kusunga maonekedwe a timbewu timene tinasungunuka. Zinki amathawa msanga ndi madzi, mtovu n'kutsala, choncho gossan akhoza kuonetsa mtovu yekha pomwe pansi pake pali zinki wochuluka. Zinki wothawayo nthawi zina amakagwidwa ndi laimu wapafupi n'kupanga mgodi wachiwiri, monga zinachitikira ku Skorpion ku Namibia. Kusiyanitsa lubwe ndi gossan ndi maso okha kumavuta ngakhale akatswiri, labotale ndiyo imaweruza.

Ndapeza mwala wotuwa wonyezimira. Ndingadziwe bwanji ngati ndi galena?

Yambani ndi kulemera. Chibenthu cha galena chachikulu ngati bokosi la machesi chimalemera pafupifupi magalamu 200, pomwe nsangalabwi yofanana nacho imangokwana magalamu 70. Kenaka chimenyeni ndi hamala: galena amasweka kukhala timabokosi ta makona, tonyezimira mbali zonse. Mpeni umamukanda mosavuta.

Kuno zinthu zonamiza n'zambiri. Ngati mwalawo ndi wopepuka, woterera, ukudetsa zala ndipo ukulemba papepala, ameneyo ndi graphite. Ngati ukusendeka timapepala toonekera, ndi mica. Ngati ndi wakuda, wolemera, ndipo maginito a sipika ya wailesi akuukoka, ndi mwala wa chitsulo. Ngati ndi wachikasu ngati mkuwa ndipo mpeni ukukanika kuukanda, ndi pyrite. Paja amati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Sphalerite, amene ndi mwini ndalama m'migodi yambiri, ndi amene anthu amamutaya chifukwa sanyezimira. Mukamukhula pa chidutswa cha matailosi chosapaka, amasiya mzere wotumbuluka, wachikasu kapena wofiirira, ndipo nthawi zina pamamveka kafungo ka dzira lovunda.

Chofunika kuposa mwalawo ndi pamene mwaupeza. Wotoledwa mumtsinje ukhoza kuchokera kutali. Wogumulidwa pa thanthwe ndiye umanena zambiri. Lembani malo ake ndi GPS ya pafoni, jambulani chithunzi musanagumule, ndipo onani kumene mtsemphawo waloza ndi mbali imene wapendekera.

Tinkatsata mtsempha, mwadzidzidzi wasowa. Wapita kuti?

Pali zinthu ziwiri. Mwina wangopyapyala chifukwa mwadutsa pamene mng'alu unayasama, ndipo ukhoza kudzanenepanso patsogolo kapena kutheratu. Mitsempha yambiri ya galena ndi yaing'ono chonchi, yodzaza matumba angapo basi. Kapena wadulidwa ndi fault imene inabwera pambuyo. Zikatero mtsempha umathera pa khoma losalala, nthawi zina lopaka dongo, lokhala ndi mikwingwirima yoloza mbali imodzi. Mikwingwirimayo imasonyeza njira imene thanthwe linayenda, ndipo mizere ya mwala pafupi ndi khomalo imakhota kulowera kumene chidutswa chinacho chinapita. Chikhoza kukhala mita imodzi kuchoka pamenepo, chikhoza kukhala mamita mazana.

Apa m'pamene anthu amafera. Mwala wa pa fault ndi woswekasweka ndipo umasunga madzi, ndiye nyengo ya dzinja dzenje lokumbidwa motsata fault popanda mitengo yochirikiza siligwira. Mtsempha ukasowa, tulukani muyambe mwayang'ana pamwamba m'malo mofukula mwachimbulimbuli.

Ndikapeza kanthu m'munda mwanga, ndi kanga?

Munda ndi wanu, koma malamulo a migodi, amene anakonzedwanso mu 2023, amati miyala ya pansi ndi ya dziko, ndipo kufufuza kapena kukumba kumafuna chiphaso, ngakhale kwa okumba ang'onoang'ono. Ziphaso zimayendetsedwa ndi bungwe la Mining and Minerals Regulatory Authority. Kuti mudziwe mtundu wa mwala, pitani ku nthambi ya boma ya Geological Survey, imene likulu lake lili ku Zomba. Dziwitsaninso amfumu ndi ofesi ya DC. Wogula wobwera madzulo ndi sikelo m'chikwama, amene akukuuzani kuti musauze munthu, amadziwa mtengo umene inu simukuudziwa.

Kodi mtovu ndi woopsa monga amanenera?

Inde, ndipo Kabwe yemweyo ndiye mboni. Patha zaka zoposa 30 chitsekereni mgodi, koma dothi la m'makomboni oyandikana nawo, monga Kasanda, Chowa ndi Makululu, likadali ndi mtovu wochuluka, ndipo ana ambiri kumeneko amapezeka nawo m'magazi pa mlingo woopsa. Bungwe la WHO limati palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene tingati ndi wabwino. Umawononga ubongo wa mwana, ndipo zimene wawononga sizibwerera. Mu 2010 ku Zamfara ku Nigeria ana oposa 400 anamwalira chifukwa makolo ankaperera pakhomo miyala ya golide imene inali ndi mtovu.

Choncho mwala umene mukuuganizira kuti ndi galena musausinje mu mtondo wa pakhomo, musauwotche pofuna kuona ngati usungunuka, ndipo musausunge m'nyumba mmene ana amakwawa. Ukulungeni m'pepala la pulasitiki, sambani m'manja ndi sopo musanagwire nsima, ndipo zovala zokumbira zisachapidwe pamodzi ndi za ana. N'chimodzimodzi ndi anyamata amene amaswa mabatire akale n'kumasungunula mtovu pa mbaula kuseri kwa nyumba: utsi ndi fumbi lake zimakhazikika pabwalo pomwe ana amasewera, ndipo mtovu ukalowa m'dothi suwola.